Hard drive ikayamba kulira, musaifomate

Pafupifupi wailesi iliyonse ya m'dera imene ndinalowamo kuno ku Kopala ili ndi kabokosi kamodzi kakuda, kokwana m'thumba la jekete, kamene kamanyamula moyo wonse wa siteshoni. Mmenemo muli ma jingle, malonda a anthu amene analipira kale, maulaliki a pa Sondo, nyimbo zimene timaika polengeza maliro, ndi mapulogalamu a zaka zambiri. Kabokosi kameneka, hard drive ya USB, kamayenda m'manja mwa aliyense. DJ wa m'mawa amakatenga, wa nkhani amakabweza, wina amapita nako kunyumba kukamaliza pulogalamu ya mawa. Ojambula maukwati, ma DJ a kitchen party ndi ophunzira a ku CBU nawonso ali ndi kawo, ndipo ambiri alibe kwina kumene anasunga zimene zili mmenemo.

Tsiku lina kabokosika kamakana. Mukukopa mafayilo, kamzere kobiriwira kafika pakati, basi kaima. Kenako kompyuta imatulutsa uthenga wa Chingelezi. Nthawi zina imakamba za "cyclic redundancy check", nthawi zina "I/O device error", nthawi zina imakuuzani kuti "You need to format the disk". Uthenga wachitatuwu ndi umene wawonongetsa ntchito za anthu ambiri, chifukwa pansi pake pamakhala batani lolembedwa Format, ndipo munthu akagwidwa mantha amadina chilichonse chimene chili pafupi.

Ine sindine injiniya. Ndili ndi satifiketi ya ku koleji, ndimakhala mu Kanini muno mu Ndola, ndipo ndimathandiza pa wailesi popanda malipiro. Ku Kopala Chibemba ndicho chimalamulira, koma a kum'mawa tilipo ambiri, ndiye ndili ndi kapulogalamu ka Chinyanja komwe ndimacheza ndi achikulire amene anabwera kuno kalekale. Zimene ndilembe pano ndinaziphunzira mu September 2024, ndipo zinayamba ndi foni ya mayi wina.

Chaka chimenecho mukuchikumbukira. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pokhala tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika September malaiti ankabwera maola ochepa patsiku, nthawi zambiri usiku anthu atagona. Pa siteshoni tinkasinthasintha pakati pa malaiti, inveta ndi jenereta, ndipo kompyuta ya mu studio inkazima mwadzidzidzi kangapo patsiku, hard drive ili chilumikizire.

Mayi amene anandiimbira anali mwana wa ambuya ena amene ndinacheza nawo pa wailesi zaka ziwiri m'mbuyomo. Ambuyawo anachokera ku Katete m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene Chipata inkatchedwa Fort Jameson. Anakwera lole mpaka ku Lusaka, kenako sitima mpaka ku Ndola, kutsatira amuna awo amene ankagwira ntchito ku njanji. Anandifotokozera za moyo wa m'komboni pa nthawi ya atsamunda, za kuphika mowa mobisa, ndi zimene azimayi ankanong'onezana pamsika mlungu umene ndege ya Dag Hammarskjöld inagwa kufupi ndi tauni ino mu September 1961. Tinacheza pafupifupi ola lathunthu. Anamwalira chakumayambiriro kwa 2024.

Mwana wawoyo anati: "Mwanawe, mawu a amayi aja mukali nawo? Tifuna tikawamvetsere pa tsiku loika mwala. Adzukulu ena anabadwira ku Joni, sanawamvepo akulankhula."

Ndinati alipo, amama, ndibweretsa. Fayilo inalipodi, dzina lake linkaoneka bwinobwino mu foda. Koma kuikopa, inkafika pakati n'kuima, ndipo mkati mwa kabokosi munkamveka kaphokoso kakang'ono, tiki, tiki, tiki, ngati wotchi ya pakhoma.

Amene anandithandiza ndi mnyamata wina wokonza malaputopu m'tauni, amene anandiuza mawu amodzi ndisanakhale n'komwe pansi: "Akulu, ichotseni kaye. Hard drive yodwala siifuna kuvutitsidwa." Zimene anachita pambuyo pake ndinazilemba m'kabuku, ndipo ndaziyesa pa ma drive ena a anzanga kuchokera pamenepo. Ndiziika m'ndondomeko yomweyo, chifukwa ndondomekoyo ndiyo imapulumutsa.

Choyamba ndi kumvetsera. Mkati mwa hard drive ya mtundu uwu muli mbale zopyapyala zimene zimazungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kasingano kowerenga kamene kamayandama pamwamba pa mbaleyo osaikhudza, pa mpata wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi. Ikani khutu pafupi. Ngati mukumva kamphepo kosalala, mbale zikuzungulira bwino. Ngati ikuyamba kuzungulira n'kuima, n'kuyambanso, kapena ikulira tiki tiki, pali zinthu ziwiri: mwina siikulandira mphamvu yokwanira, mwina mkati mwawonongeka. Choyambacho n'chotchipa kukonza, ndiye yambani nacho.

Chachiwiri ndi nthambo. Anthu ambiri sakhulupirira, koma nthambo ndiyo imalakwa kawirikawiri. Imapindidwa m'chikwama tsiku ndi tsiku, imakokedwa, ndipo kumutu kwake kophwatalala kuja, kolowa mu drive, kumakhwepa msanga. Bwerekani ina yaifupi komanso yonenepa, muyese. Nthambo zazitali zoonda zogula pamsewu zimataya mphamvu m'njira.

Chachitatu ndi kabowo ka USB kamene mwabayapo. Kabowo ka USB 2.0 kamapereka 500 mA, pamene ka USB 3.0, kamene kawirikawiri kamakhala ka buluu mkati, kamapereka 900 mA. Hard drive imafuna mphamvu yambiri pa nthawi imene mbale zikuyamba kuzungulira, ngati mmene minibasi imafunira kukankhidwa kuti ilire m'mawa wa June. Pa kompyuta ya pa desiki bayani kumbuyo, osati kutsogolo. Musadzere pa hub yopanda magetsi akeake, imene mwabayaponso mouse, kiyibodi ndi foni. Ngati muli pa laputopu, ilumikizeni ku chaja, chifukwa ikakhala pa batire Windows imatha kuchepetsa mphamvu ya ku USB pofuna kusunga moto. Kenako yesani pa kompyuta ina. Drive ikagwira bwino kumeneko, vuto lili pa makina anu.

Pali mavuto ena awiri amene amaoneka ngati imfa ya drive pamene si imfa. Loyamba: mukufuna kuikamo vidiyo ya ukwati ya 6 GB, malo alipo ambiri, koma kompyuta ikuti fayilo yakula. Apa drive yanu inakonzedwa m'njira ya FAT32, imene siilandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB. Mankhwala ake ndi exFAT kapena NTFS, koma samutsani kaye zonse zimene zilimo musanasinthe. Dziwaninso kuti Mac imawerenga NTFS koma siilembamo payokha, ndiye ngati mumagwira ntchito ndi anzanu a Mac, exFAT ndiyo imagwirizanitsa onse. Lachiwiri: mwachoka ku internet café kapena kosindikizira mapepala, ndipo mafoda onse asanduka ma shortcut. Ameneyo ndi vairasi amene amangobisa mafoda. Musadine ma shortcut amenewo. Yeretsani drive ndi antivirus, kenako tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* kusintha E ndi chilembo cha drive yanu. Mafoda amabwerera.

Pa drive ya siteshoni yathu, nthambo yatsopano ndi kabowo kakumbuyo zinathetsa kulira kuja, koma fayilo ya ambuya inkaimabe pamalo omwewo. Uthenga wa cyclic redundancy check tanthauzo lake ndi limenelo. Kompyuta ikamalemba kachigawo kalikonse pa mbale, imasunganso kanambala kotsimikizira. Powerenga imawerengetsanso, ndipo nambala zikasiyana imadziwa kuti zimene yawerenga si zimene zinalembedwa. Mnyamata uja anatsegula pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo, imene imawerenga kaundula wa thanzi amene hard drive imadzisungira yokha, wotchedwa SMART. Inaonetsa chikasu, ndi mawu akuti Caution. Mizere iwiri yofunika kuyang'ana ndi Reallocated Sectors Count, malo amene anafa kale ndipo drive inawasinthanitsa ndi ena, ndi Current Pending Sector Count, malo amene ikulephera kuwerenga pakali pano. Nambala zimenezi zikachoka pa ziro n'kumakwera, drive ili paulendo. Ntchito yanu tsopano ndi kutulutsa katundu m'nyumba imene denga lake layamba kugwa.

Apa ndi pamene anthu amalakwitsa chifukwa cha uphungu wa pa WhatsApp. Wina adzakuuzani kuti muyambe ndi chkdsk. Pulogalamu imeneyi ndi yabwino pa drive yathanzi imene mndandanda wake wasokonekera chifukwa malaiti anazima ikulemba. Koma pa drive yodwala imaigwiritsa ntchito yolemetsa kwa maola ambiri, ndipo imasintha zinthu pa mbale yomweyo imene mukufuna kupulumutsa. Kopani kaye, kukonza pambuyo. Wina adzati ikani mufiriji usiku wonse. Ikatuluka mmenemo chinyezi chimagwira ziwalo zake, ndipo mwawonjezera vuto. Wina adzati tsegulani muone mkati. Kafumbi kamodzi kokha n'kokwanira kukanda mbale, ndipo fumbi la Ndola mu September mukulidziwa. Wina adzati imenyeni pang'ono. Ameneyo musam'bwerekenso chinthu chanu.

Njira yake ndi kuyamba ndi zimene simungazipezenso kwina. Nyimbo za Yo Maps mudzazipeza, mafilimu mudzawapeza. Mawu a munthu amene anamwalira, zithunzi za ukwati, dissertation yanu, zimenezo ndizo zoyamba. Kopani foda imodzi imodzi. Windows ili ndi chida chotchedwa robocopy chimene chimatha kudumpha fayilo yovuta n'kupitiriza ndi zina, koma muchiuze kuti chisakakamire, chifukwa mukachisiya chokha chimayesa fayilo imodzi maulendo 1,000,000, n'kumadikira masekondi 30 pakati pake. Mukawonjezera /E /R:1 /W:1 kumapeto, chimayesanso kamodzi kokha n'kupita patsogolo. Mwa njira imeneyi tinatulutsa pafupifupi zonse za siteshoni madzulo amodzi. Zinatsala ndi mafayilo ochepa, ndipo ya ambuya inali m'gulu limenelo.

Pa amenewo mnyamata uja anayatsa laputopu yake ndi Linux ya pa fulashi, n'kugwiritsa ntchito GNU ddrescue, yaulerenso. Nzeru ya pulogalamuyi ndi ngati ya munthu wokolola m'munda momwe mwagwa njovu: imayamba yatenga zonse zabwino mwachangu, ikafika pamalo ovuta imadumpha n'kulemba pamene yadumpha, kenako imabwerera kudzatola pang'onopang'ono m'mbali mwa malo owonongekawo. Imasunga kafayilo kolemba pamene yafika, ndiye malaiti akapita mumadzapitiriza pomwepo osayambiranso. Imafuna drive ina ya malo ofanana kapena oposa, ndipo muyenera kusamala kwambiri kuti musasinthanitse kochokera ndi kopita, apo ayi mufufuta zomwe mumafuna kupulumutsa. Ngati simunaigwirepo, pezani munthu amene anaigwirapo. Zinatenga masiku atatu, kutsatira maola a malaiti. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chinatithandiza n'chakuti ndimajambula m'njira ya WAV. Fayilo ya WAV ya stereo, ya mlingo wofanana ndi wa CD, imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi. Ndi yolemera, koma mawu amagona mmenemo motsatana osapanikizidwa, ndiye pakawonongeka kachigawo, zotsalazo zimamvekabe. Malo amene ddrescue inalephera kuwerenga anatsala opanda kanthu, ndipo mu WAV malo opanda kanthu amamveka ngati chete. Tinataya masekondi anayi. Ambuya akufotokoza za tsiku limene anatsika sitima pa siteshoni ya Ndola, akuti "ndinayang'ana uku ndi uku, ndiye ndinaona", basi zii, kenako akuseka. Chimene anaona palibe adzachidziwe. Pa tsiku loika mwala ana awo anatsutsana: wina ati anaona amuna awo atavala suti yobwereka, wina ati anaona mzungu atakwera njinga. Zina zonse zinamveka, ndipo mdzukulu wa ku Joni anapempha kuti tibwereze pamene ambuya ake ankatchula mayina a midzi ya kwawo.

Mwina wina afunsa kuti mawu a nkhalamba ya m'komboni ali ndi ntchito yanji kupatula kwa abale ake. Taonani nkhani ya ndege ija. Usiku wa pa 17 kucha 18 September 1961, anthu akuda okhala kufupi ndi malowo, kuphatikizapo owotcha makala a ku Twapia, ananena zimene anaona kumwamba, koma kafukufuku wa boma la atsamunda sanawerengere umboni wawo. Patapita zaka zoposa 50, bungwe la United Nations linatsegulanso nkhaniyo mu 2015, ndipo amene anaitsogolera, Mohamed Chande Othman, yemwe anali mkulu wa oweruza ku Tanzania, anaupatsa kulemera umboni wa anthu wamba womwewo. Pa nthawiyo ambiri a iwo anali atapita kale. Mawu amene lero akuoneka ngati macheza chabe, mawa amakhala umboni.

Nkhani ya nyimbo zathu ndi chimodzimodzi. M'zaka za m'ma 1970 Kopala inali likulu la Zamrock. WITCH ndi Amanaz anachokera ku Kitwe, ndipo kampani ya Teal ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo zinali muno mu Ndola. Chuma chitagwa ndipo oimba ambiri atamwalira, malekodi aja anasowa m'nyumba zathu. Achinyamata ambiri a lero anadzawamva chifukwa kampani ya ku Los Angeles, Now-Again Records, inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012 ndi mndandanda wa Welcome to Zamrock! mu 2017. Tiyamike kuti zinabwerera. Koma nyimbo zinali ndi mwayi woti zinasindikizidwa pa mbale zambiri zimene zinamwazikana m'maiko. Pulogalamu ya pa wailesi ya m'dera ili pamalo amodzi okha, ndipo palibe mzungu adzabwere kudzaifunafuna.

N'chifukwa chake kusunga kuli kofunika kuposa kupulumutsa. Ojambula zithunzi ali ndi lamulo lotchedwa 3-2-1, limene analitchukitsa ndi Peter Krogh wa ku America: chinthu chofunika chikhale pamalo atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kunja kwa nyumba. Ambuya athu ankalidziwa kale lamuloli. Chimanga chodya chinkakhala m'nkhokwe, cha mbewu chinkapachikidwa pa utsi m'khitchini, ndipo china chinkasungitsidwa kwa achibale kumudzi wina. Ndikudziwa kuti drive yachiwiri ndi ndalama, ndipo bundle nayo ndi ndalama. Koma si zonse zimene zili zofunika mofanana. Google imapereka 15 GB yaulere pa akaunti iliyonse, ndipo macheza a ola limodzi mukawasandutsa MP3 ya 128 kbps amakwana pafupifupi 58 MB. Pa siteshoni tinagwirizana kuti macheza onse a achikulire azikwezedwa pa intaneti mlungu womwewo, WAV izikhala pa ma drive awiri, ndipo drive imodzi isamatuluke mu ofesi. Amene akufuna nyimbo abwere ndi fulashi yake.

Pogula drive samalaninso. Mukaona ya 2 TB pamtengo wa fulashi, kumbukirani chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pali ma drive abodza amene amauza kompyuta kuti ndi aakulu pamene mkati muli kamemori kakang'ono. Amalandira mafayilo mwaulemu, mayina amaoneka, koma malo enieni akadzaza zotsalazo zimangotayika kapena kufufuta zoyamba. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza drive yonse n'kuwerenganso, ndipo imakuuzani kukula kwake kwenikweni. Yesani musanaikemo chinthu chanu. Mukagula yeniyeni, musaisunthe ikamazungulira, musaiike pamwamba pa sipika, ndipo dinani Eject musanazule, makamaka ngati mwangomaliza kukopa. SSD ilibe mbale zozungulira ndipo imapirira kugwa, koma nayo imafa, kawirikawiri popanda kulira kokuchenjezani.

Ngati munadina kale Format, musataye mtima, ndipo musaikemo fayilo ina iliyonse. Quick format pa hard drive imafufuta mndandanda wokha, zinthu zimakhala zikadali pa mbale mpaka zina zitalembedwa pamwamba pake. TestDisk ndi PhotoRec, zaulere zonse, zimatha kutola zambiri, ngakhale PhotoRec imabweza mafayilo opanda mayina awo akale. Zimene mwatola muziike pa drive ina. Koma ngati drive ikulirabe tiki tiki mutasintha nthambo, kabowo ndi kompyuta, izimitseni. Pamenepo pafunika akatswiri a zipangizo zawo, ndipo kuiyatsa kulikonse kumawonjezera mabala pa mbale.

Manje tsegulani foni yanu. Muli voice note ya ambuya anu kapena ya atate anu imene anakutumizirani kuchokera ku Petauke, ku Lundazi kapena ku Chadiza, akukufunsani ngati mwadya, akukudandaulirani za feteleza. Ili pamalo angati? Ngati yankho ndi amodzi, itumizeni ku imelo yanu lero malaiti akalipo, ndipo mutumizireko mlongo wanu kope lina.